Thaulo la Pampanda wa Bafa

Bambo anga, a Nkhoma, anali munthu wa njuchi. Chaka china kunabwera alendo awiri amene ankayenda m'midzi kujambula mawu a anthu odziwa kufula uchi. Anakhala ndi bambo pakhonde tsiku lonse, kachipangizo kakuda kali pakati pawo, ndipo pochoka anasiya kafulashi kofiira, nati mawu onse ali m'menemo. Mayi anakakulunga m'kansalu n'kukaika m'chitini cha singano. Panalibe amene anafulumira kuti akamvere, pakuti mwini mawuwo tinali naye, ndipo ankayankhula tsiku lililonse mpaka kutitopetsa.

Kenaka bambo anamwalira. M'mawa umene anagwa, anali atapachika kale thaulo lawo pampanda wa bafa, monga timachitira kwathu kuti odutsa adziwe kuti mkati muli munthu. Mayi anakana kulichotsa. Likada ndi fumbi ankalichapa n'kulipachikanso pomwepo. Ife tinamanga bafa lina kuseri kwa khola.

Patapita nthawi, makutu a mayi anayamba kutsekeka. Anayamba ndi kusamva anapiye. Tsiku lina anandiitana, natsegula chitini chija.

"Mwanawe," anatero, "ndikufuna ndiwamvenso bambo ako makutuwa asanathe."

Tinayesa kafulashiko pa wailesi, tinayesanso m'mafoni a anthu, koma zonse zinkangolira ngati madzi akuwira. Ndiye ndinapita kwa aphunzitsi a Mwatsika, amene anali ndi kompyuta yakale ya pamiyendo. Anaikamo kafulashi kaja, nayang'ana nthawi yaitali.

"Mawu alimo, mphwanga, koma anasungidwa mwa mtundu wachilendo," anatero. "Kompyutayi imayendera Linakisi, pulogalamu imene anthu a m'maiko ambiri amamanga mothandizana ndipo saigulitsa. Chimene chikusowa ndi phukusi limodzi lotsegulira mawu otere."

"Phukusilo ndikaligule kuti, aphunzitsi?"

"Siligulidwa. Limakhala m'nkhokwe ya pa intaneti. Umangopempha, limatsika lokha."

Ananditsegulira zenera lakuda, mmene munthu amalemba malamulo ndipo kompyuta imayankha ndi zilembo zoyera. Anandiphunzitsa lamulo lopemphera phukusi mpaka ndinaliloweza. Koma m'mudzi mwathu netiweki inkangokwanira kuimba foni, intaneti munalibe. Anandipatsa kompyutayo m'chikwama cha nsalu, ndinamanga kafulashi pachingwe m'khosi, ndipo ndinauza mlongo wanga Filesi, amene ankasamala mayi, kuti ndibwera mawa kapena mkuja.

Ndinayenda mpaka ndinafika m'tauni ina imene inali ndi mlongoti wa netiweki pamwamba pa phiri. Kumunsi kwa phirilo kunali kasitolo kojambula mapepala, mwini wake mayi wina wamtali dzina lake Ndaziona. Anandilola kukhala pabenchi ya pakona ndi kugwiritsa ntchito intaneti yake, ine n'kumamusesera ndi kulumikiza mapepala a anthu.

Ndinatsegula zenera lakuda, ndinalemba lamulo lija. Kompyuta inayankha kuti ikudikira. Nanenso ndinadikira. Kamzere kakang'ono kankaphethira pansi pa mawuwo ngati diso la munthu wodwala. M'mawa ndinkalemba lamulo, masana ndinkasesa, madzulo ndinkapeza kamzere kali pomwepo. Mphepo ya Chiperoni inabwera n'kupita. Ndinaphunzira kusintha inki, kuwongola pepala lokodwa m'makina, ndi kulemba makalata a anthu ofuna ntchito. Ana a sukulu amene ankabwera ndi mapepala a mayeso ndinawaona akubweranso ndi zithunzi za ukwati.

Tsiku lina Ndaziona anaima kumbuyo kwanga, tiyi ali m'manja.

"Achimwene, kodi mwakwatira kamzereko? Tsiku lililonse kuyang'anana."

"Ikuti ikudikira, achemwali."

"Tasunthani ndione." Anawerama, nawerenga. Kenaka anaseka mpaka tiyi anatayika. "Mukugogoda panyumba imene anthu anasamuka kalekale! Nkhokwe imeneyi anaisiya. Kompyuta yanu ikadali ndi adiresi yakale."

Anandionetsa pamene kompyuta imasunga adiresi ya nkhokwe. Anandiuza kuti nkhokwezo zilipo zambiri, zonse zili ndi katundu wofanana, ndipo munthu wanzeru amasankha yapafupi imene ili ndi moyo. Tinafufuta yakale, tinalemba yatsopano. Nthawi yomweyo zilembo zinayamba kuthamanga m'zenera ngati linthumbu. Ndinaimirira ndi chimwemwe. Kenaka zinaima, ndipo pansi pake panalembedwa kuti zimene nkhokwe yatumiza nthawi yake sinakwane.

"Izi ndiye sindizidziwa," anatero Ndaziona. "Ine za nthawi zinandikanika, n'chifukwa chake sitolo ndimatsegula pamene ndadzukira. Pitani kutauni ya njanji, kuli munthu wa mawotchi."

Madzulo amenewo Filesi anaimba foni.

"Achimwene, mawa lija silinafikebe? Mayi sakumvanso chitsulo cha kutchalitchi. Lamulungu amangoona anthu akudutsa, ndiye amavala."

"Uwauze kuti ndatsala pang'ono."

"Ndiwauza, koma ndimachita kukuwa."

Tauni ya njanji inali yabata. Njanji inalipo, siteshoni inalipo, koma sitima sindinaione ngakhale kamodzi. Anthu ankayanika ufa pakati pa zitsulo. Pakhonde la siteshoni pankakhala a Chimbalanga, bambo wa imvi wokhala ndi kagalasi padiso limodzi, atazunguliridwa ndi mawotchi amene iliyonse inkanena nthawi yakeyake.

Ndinakhala pansi pafupi nawo, ndinatsegula zenera lakuda, ndinalemba lamulo lija. Yankho linali lomwelo. A Chimbalanga sanawerenge n'komwe zilembozo. Analoza ndi kasukuludiraiva pakona ya galasi, pamene kompyuta imaonetsa tsiku.

"Lero ndi liti, mwana wanga?"

Ndinawauza.

"Nanga iyi ikuti ndi liti?"

Ndinayang'ana. Kompyuta inkanena chaka chakale, mwezi umene mitengo imachita maluwa. Mwezi umenewo bambo anali moyo. Anali akupachika ming'oma yatsopano m'mitengo ya kudambo.

"Mkatimu muli kabatire konga batani la malaya," anatero a Chimbalanga. "Kakafa, kompyuta imabwerera kumene ikukumbukira. Ndiye nkhokwe ikaitumizira uthenga wa lero, iyo imati umenewu ndi wa m'tsogolo, sindingaulandire. Bweretsani, ndi ntchito yaing'ono."

"Dikirani kaye, bambo," ndinatero.

Sanandifunse chifukwa. Anandipatsa mpando ndi kambale ka tizitsulo. Ndinakhala nawo nyengo yonse yotentha. Ndinaphunzira kugwira kasikulu kochepa ngati njere ya mpiru, kupuma pang'onopang'ono kuti mpweya usaulutse zipangizo, ndi kumvetsera wotchi monga mmene anamwino amamvetsera chifuwa. M'mawa uliwonse ndinkayatsa kompyuta, ndipo inkanena tsiku lomwe lija. Ndinkayang'ana pakonapo n'kumaganiza kuti penapake bambo ali pamakwerero, chingwe chili kukamwa, akuitana mayi kuti awagwirire mng'oma.

Filesi anaimbanso.

"Dzulo njuchi zinadutsa pamwamba pa nyumba. Tonse tinagona pansi, mpaka agalu anathawa. Mayi anangoima pabwalo ndi lichero lawo. Sanamve kanthu, achimwene. Mkazi wa munthu wa njuchi!"

A Chimbalanga anali atamva zonse, pakuti foni yanga inali yokuwa. Anachotsa kagalasi padiso.

"Mwana wanga, kodi mukufuna bambo anu akhale moyo pakona ya galasi pomwe mukuwaona nokha, kapena mukufuna mayi anu awamve?"

Ndinawapatsa kompyuta. Anaitembenuza chagada, anachotsa kabatire kakufa, anaikamo katsopano. Tsiku la lero ndinalemba ndekha. Intaneti ya kusiteshoni inali yofooka, yongokwanira kuti kompyuta ivomere uthenga wa nkhokwe. Kutsitsa phukusi inalephera. Ndinatsazika, ndinanyamuka.

Ndinafika pamsika waukulu wa pamphambano, pamene misewu inayi imakumana ndipo minibasi zimalira tsiku lonse. Kumeneko ndinapeza malo pafupi ndi wokonza mafoni wina amene anthu ankamutcha Sachedwa. Anali wansangala, wolankhula ngati wailesi, ndipo foni iliyonse ankaitsegula mwini wake asanamalize kufotokoza vuto.

Ndinatsegula zenera lakuda, ndinalemba lamulo lija. Nthawi ino kompyuta inayankha mwaulemu kuti phukusi ndapemphalo silingabwere lokha, lili ndi abale ake amene silingagwire ntchito popanda iwo, ndipo abalewo ali ndi abale awonso. Inandifunsa ngati ndikuvomera kuti onse abwere. Ndinavomera. Ankatsika mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, ngati anthu otsika m'lole ya maliro. Netiweki ikaduka ankaima, ikabwera ankapitiriza pomwe analekezera. Ndinaphunzira kusakwiya ndi mzere woima. Masana ndinkathandiza Sachedwa kumata magalasi a mafoni.

Tsiku limene womaliza anatsika, ndinauza kompyuta kuti imasule maphukusiwo n'kuwaika m'malo mwawo. Inakana. Inati pali loko, ndipo wagwiridwa ndi wina.

"Akulu, mwatani nkhope ngati mwaluza mpira?" anatero Sachedwa.

"Ikuti pali loko."

"Loko? Loko ndiye chani? Pano timathyola. Tapatseni kuno."

"Bwanji tidikire pang'ono, mwina..."

"Madala, odikira ali kudepoti. Onani izi."

Analemba mofulumira, nafufuta loko uja, nalamula kompyuta kuti iike maphukusi. Zilembo zinathamanga. Sachedwa anatambasula manja kuti anthu a pamsika amuone. Koma m'kati mwa kompyutamo munalidi wina. Inali pulogalamu yake yomwe imadzikonza yokha ikapeza intaneti, ndipo inali pakati pa ntchito. Ntchito ziwirizo zinagundana pamalo amodzi. Zilembo zinasanduka zofiira, galasi linada, ndipo titayatsanso, kompyuta sinadziwenso njira yodzukira.

Sachedwa anakanda mutu. "Aaa, komatu kompyuta yanuyi ndi nkhalamba, akulu."

Ine ndinagwira kafulashi pachifuwa. Kanalipo.

Sanali munthu woipa. M'mawa mwake anabwera ndi mandasi, ndipo anandithandiza kupeza Linakisi yatsopano kuti tiyambirenso pachiyambi. Koma maphukusi onse aja anapita, ndipo dzinja lonse linathera pomwepo. Kompyuta itadzukanso, yoyera ngati nyumba yosesa, ndinachoka pamphambano paja. Phokoso lake linali litayamba kundilowa m'zala.

Tauni yotsatira sindiikumbukira bwino. Ndimakumbukira msewu umodzi wa mitengo ya mango, ndi nyumba yogona alendo imene mwini wake anali mayi Nangondo. Anandipatsa kachipinda ndi intaneti, ine n'kumatunga madzi ndi kuwatenthetsera alendo. Bafa linali limodzi, la mpanda wa udzu, ndipo m'mawa anthu ankaima pamzere ndi ndowa zawo.

M'mawa wina dalaivala wa lole anapsa mtima. Pampanda panali chitenje chobiriwira, ndipo chinali chitakhalitsa.

"Mulibe munthu umu! Wina wangoiwala nsalu yake," anatero, natambasula dzanja kuti achikoke.

Mayi Nangondo anamumenya padzanja ndi chipande.

"Inu, munaleredwa ndi matayala? Tasiyani." Anayandikira mpanda. "Odi! Muli anthu?"

Madzi anakhavukira mkati. "Tilimo!" anayankha mawu a mayi wokalamba. "Msanawu sufikika, pepani."

Dalaivala anabwerera pamzere, anthu akumuseka.

Patapita masiku, chitenje china chinakhalitsanso pampanda womwewo. Dalaivala yemwe uja analipo, ndipo nthawi ino anakhala pandowa yake modzichepetsa mpaka dzuwa linakwera. Mayi Nangondo anatuluka m'khitchini.

"Nanga inu simukusamba bwanji?"

"Muli anthu, mayi. Ine sindifunanso chipande."

Mayi Nangondo anapita pampanda. "Odi! Muli anthu?" Kunali zii. Anatchera khutu. Anaitananso, nayang'ana pangalande yotulutsa madzi, napeza pouma. Pamenepo anachotsa chitenjecho n'kuchikoleka paphewa.

"Ndi cha mlendo uja wathamangira basi. Bambo inu, tsiku lija munafuna kuchotsa osafunsa, lero mwakhala osafunsanso. Pakamwa mumasungira chiyani?"

Ndinaima ndi ndowa m'manja, madzi akundidonthera kumapazi. Ndinaona loko uja. Sanali loko wachitsulo ayi. Inali nsalu yopachika, kachizindikiro kongonena kuti mkati muli wina. Sachedwa anaichotsa osafunsa. Ine ndikanaidikira mpaka kukalamba, osafunsanso.

Masana amenewo ndinafufuza pa intaneti, pamene anthu a Linakisi amathandizana, ndipo ndinapeza kuti lamulo lofunsira lilipodi. Umalemba, kompyuta n'kukuuza dzina la pulogalamu imene yagwira loko. Tsiku lotsatira loko atabweranso, ndinafunsa. Inayankha kuti muli pulogalamu yodzikonza ija. Ndinapita kukamwa tiyi. Pobwera ndinapeza yatuluka yokha, loko palibe.

Maphukusi anatsikanso, phukusi langa ndi abale ake onse. Ndinauza kompyuta kuti iwamasule. Inayamba bwinobwino. Ili pakati, magetsi anazima m'tauni monse, ndipo batire la kompyutayo linali litatha mphamvu kalekale. Galasi linada. Tsiku linapita, lina linapitanso, magetsi osabwera. Kenaka foni inalira ndi kamoto kake komaliza.

"Achimwene," anatero Filesi, ndipo sanaseke monga ankachitira. "Dzulo mvula inagwa pamalata ngati ng'oma. Mayi anandifunsa kuti bwanji lero kunja kuli chete chonchi. Latsala khutu lamanzere, nalonso pang'ono. Bwerani ndi chimene muli nacho."

Njira yobwerera inali yaifupi modabwitsa. Ndinadutsa pamphambano, pasiteshoni, ndi pansi pa phiri la mlongoti, zonse ngati tsiku limodzi. Ndinafika kwathu dzuwa litapendeka. Ana amene ndinawasiya akukwawa anandilonjera ngati mlendo. Khola linali litasuntha, mtengo wa mapapaya unali utagwa, koma thaulo la bambo linali pampanda wa bafa lakale, loyera, lochapidwa kumene.

Mayi anali pamkeka pakhonde. Anachepa thupi. Ndinagwada, ndinawapatsa moni, ndipo anayang'ana milomo yanga.

"Wabwera nawo?" anafunsa mokweza, monga amachitira anthu osamva.

Ndinagwedeza mutu, ngakhale sindinadziwe ngati ndikunena zoona.

Filesi anali ataika magetsi a sola otchajira mafoni a anthu a m'mudzi. Tinakoka chingwe mpaka pakhonde. Kompyuta inadzuka. Netiweki sinkafunikanso, pakuti maphukusi onse anali kale mkati, ongodikira kumasulidwa. Ndinatsegula zenera lakuda, ndinalemba lamulo. Kompyuta inati pali loko.

"Yakananso?" anafunsa Filesi. "Achimwene, zaka zonsezi?"

"Dikira, mlongo wanga."

Ndinalemba lamulo lofunsira. Palibe dzina limene linabwera. Ndinawerenga mayina a mapulogalamu onse amene anali maso nthawi imeneyo, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe yokhudza maphukusi. Ndinafunsanso kachiwiri. Zii. Mwini loko uja anafa ndi magetsi kutauni ya mitengo ya mango, nasiya nsalu yake pampanda.

Ndinamuchotsa lokoyo. Kenaka ndinauza kompyuta kuti iyambe yamaliza zimene inasiya pakati, ndipo inatero, phukusi ndi phukusi, mosafulumira. Zilembo zinayenda, zinayenda, kenaka zinaima. Sizinaime ngati kale. Panalibe dandaulo lililonse, koma kamzere koyera kodikira lamulo lina.

Ndinamasula kafulashi m'khosi. Chingwe chinali chitasiya mzere pakhungu. Kafulashiko ndinakaika m'kompyuta, ndinatsegula mawu a bambo.

Poyamba kunamveka mphepo. Kenaka nkhuku, kenaka munthu akutsokomola. Filesi anagwira pakamwa. Ndiyeno mawu aja, okhuthala, otulukira pang'ono m'mphuno, ali pafupi kwambiri ndi kachipangizo ka alendo:

"Odi. Odi! Kodi muli anthu m'kachinthu kameneka?"

Alendo aja anamveka akuseka. Filesi analira. Mayi ankatiyang'ana, wina kenaka wina.

"Ayamba?" anafunsa.

Ndinabweza kumayambiriro, ndinakweza mawu mpaka pamapeto. Ndinanyamula kompyuta yonse n'kugunditsa pamene pamatulukira mawu kufupa la kuseri kwa khutu lawo lamanzere. Mayi anaigwira ndi manja awiri, natseka maso. Mphepo. Nkhuku. Chifuwa. Ndinamva kompyuta ikunjenjemera m'manja mwanga pamene bambo ankaitana.

Mayi anakanikiza kompyuta kukhutu mwamphamvu. Ndinaganiza kuti ndachedwa.

"Odini, a Nkhoma," anatero motsitsa, ndi mawu awo akale. "Tilimo. Lowani."

Anamvetsera mpaka dzuwa linafika pamitengo. Manja anga anachita dzanzi koma sindinasunthe. Sindidziwa kuti anamva zochuluka bwanji. Penapake ankakwinya nkhope n'kundiuza kuti ndibweze. Bambo anafotokoza za utsi, za maluwa, za mmene anapezera njuchi zawo zoyamba m'mphako ya mtengo wa mkuyu. Pamenepo mayi anatsegula maso.

"Akunama apa! Njuchi zimenezo ndinaziona ndine, ndikuchokera kotola nkhuni. Iwo anathawa, nsapato kusiya komweko." Anaseka, misozi ikutsika. "Mpaka kunamiza alendo, bambo amenewa."

Mawu atatha, mphepo yokha itatsala, mayi anandibwezera kompyuta. Anadzuka pogwira mzati, nayenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo mpaka pabafa lakale. Ine ndi Filesi tinawatsatira chapatali. Anaima pampanda.

"Odi," anatero.

Anatembenuzira khutu lamanzere kumpanda, nadikira monga munthu amayenera kudikira. Kenaka anatambasula dzanja, anachotsa thaulo lija, analipinda bwinobwino, nalikumbatira pachifuwa.

"Filesi," anaitana mokweza, osacheuka, "tenthetsa madzi. Lero ndisamba muno."